Tsiku limene ofesi inakakhala pakhonde la Abiti Saidi

Mwezi watha Pilirani, mwana wanga wachisamba, anabwera kuno nkhope ili gwa. Ali ndi chigayo ku Nselema ndipo amalemba anthu angapo ntchito. Asanakhale n'komwe pansi anandifunsa kuti, "Amayi, inu mwamera imvi mukuona za antchito. Munthu wojomba ndingamuchotse bwanji kuti asakandisumire ku leba?" Ndinamuuza kuti ayambe wadya. Yankho lake ndi lalitali, ndipo ine pakamwa sindinazolowere kuyala nkhani. Choncho ndalemba pano, kuti iye ndi abale ake adzawerenge pa nthawi yawo.

Utale, ulamuliro wa chipani chimodzi ukupita kumapeto

Ntchito yanga yoyamba inali pamsika wa thonje ku Utale, pa kampani ina yogula mbewu imene sinditchula dzina. Ndinali mtsikana wamasiye, woleredwa ndi agogo anga akuchikazi. Anandiika pafupi ndi sikelo, kusoka ziguduli zong'ambika ndi kulemba zizindikiro pa mabelo. M'mawa woyamba agogo anandiperekeza mpaka pamsewu, nangonena mawu awa: "Uzikayang'ana, usamakayankhe." Chifukwa chake ndinkachidziwa, ngakhale iwo sanandiuzepo. Ndinamva kwa mayi wina woyandikana nafe kuti agogowo ankasankha fodya pa esiteti. Amayi anga atamwalira, agogo anakhala kumudzi kulira maliro ndi kuona kuti ine andisiya ndi yani. Pobwerera ku ntchito anapeza pamalo pawo pakhala munthu wina. Palibe anawafunsa kumene anali. Anatembenuka, nayamba kuumba miphika, ndipo miphikayo ndiyo inandiphunzitsa sukulu.

Bwana wa pamsikapo antchito anamupatsa dzina loti a Tulukani, poti mlandu uliwonse ankaumaliza ndi liwu limodzi lomwelo. Ndikukumbukira bambo wina wonyamula mabelo amene anafika dzuwa litakwera. Anavula chipewa, nayamba kuti, "Bwana, akazi anga achira m'mawa womwe uno, ndiye ndimati..." A Tulukani sanakweze n'komwe maso. "Pitani mukawathandize kuyamwitsa. Tulukani." Anthu anaseka, poti bwana akaseketsa umaseka. Bamboyo anavalanso chipewa chake, napita. Ine ndinapitiriza kusoka. Masiku amenewo kudandaula kunali kudziitanira zina, ndipo tonse tinkaona ngati ndi mmene ntchito imakhalira, monga mmene thonje limayabwira pakhosi.

Balaka, malamulo a ntchito atasintha

Patapita zaka anandisamutsira ku ofesi ya pa Balaka kukakhala kalaliki. Kumeneko ndinakwatiwa ndi bambo anu, a Magombo, amene anali kalipentala. Zosowa zinali zambiri. Chaka china ziguduli sizinabwere, alimi n'kumamanga thonje m'maneti a udzudzu. Chaka china malole anakhala pamzere wa mafuta mpaka madalaivala anayamba kuphika pansi pa magalimoto. Koma chimene chinagwedeza mabwana si zimenezo ayi. Chinali lamulo latsopano loti munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso asanapatsidwe mpata wonena mbali yake.

Poyamba ankaliseka. Kenaka dalaivala wina amene anachotsedwa chifukwa chonyamula anthu pa lole ya kampani anakasuma ku khoti la milandu ya pantchito. Kulakwa analakwadi, tonse tinkadziwa. Koma khoti linafunsa kuti, kodi munamumva? Kampani inalibe choyankha, ndipo inagonja. Kuyambira pamenepo mabwana anayamba kuopa khoti kuposa moto wa m'nyumba yosungira thonje. Munthu akalakwa tinkamuitana, kumukhazika pampando, kumufunsa mafunso, iye ali ndi mnzake wa pantchito ngati mboni. Ine anandipatsa udindo woona za antchito chifukwa sindinkadula munthu pakamwa. Kunena zoona, nthawi zambiri chigamulo chinkakhala chitaphikidwa kale, mpandowo unali wongopakulira. Malamulo ena anapitiriza kubwera: la penshoni, loletsa kusala munthu chifukwa cha chipembedzo kapena mtundu, ndipo chakumapeto kwa ntchito yanga linabwera lopatsa bambo masiku opuma mkazi wake akachira. Nditalimva limenelo ndinakumbukira chipewa cha bambo wa ku Utale uja.

Ngokwe, zaka zomaliza za ntchito yanga

Penshoni ikuyandikira ananditumiza ku depoti ya ku Ngokwe, kumene tinkagula thonje ndi nandolo. Woyang'anira anali bwana Nyirenda, mnyamata wophunzira, wobwera kumene kuchokera m'tauni, wosakonda kukalipa koma wamantha kwambiri ndi milandu. Chilichonse ankayamba waimbira loya wa kampani.

Pakati pa amayi osankha thonje panali Abiti Saidi, Msilamu, wantchito wokhazikika amene anakhala pa depotipo kuyambira kale. Anali wanthabwala. Akandiona ndikudutsa mwakachetechete ankafuula kuti, "Chemwali, mawuwo mukusungira penshoni? Tiponyereniko limodzi, tiziti tinadyako!" Mnzake wokangana naye tsiku ndi tsiku anali Mayi Filomena, Mkatolika ngati ine, amenenso anali woimira antchito pa milandu.

Msika wa thonje utangotsegulidwa, amuna a Abiti, Che Ali, anamwalira. Ine ndi amayi ena tinapita kumaliro patokha. Bwana anali ku msonkhano ku Balaka. Masiku opuma a maliro atatha, Abiti sanabwere. Anabwera mlongo wake, Che Yusufu, kudzanena kuti Abiti walowa eda. Kwa inu ana amene simukudziwa, eda ndi nthawi imene mkazi wachisilamu amabindikira m'nyumba mwamuna wake akamwalira, miyezi inayi ndi masiku ake. Mmene ankasungira mwambowu m'mudzi mwawo, sankapita kumsika kapena kuntchito, ndiponso sankayankhulana ndi mwamuna amene si mbale wake. Tanthauzo lake linali loti msika wonse wa thonje utha iye kulibe.

Bwana anatuma mesenjala kukamuitana kuti adzafotokoze chifukwa chojombera. Mesenjala anabwerako nati uthenga wausiya kwa alongo a Abiti. Anatumidwanso, natumidwanso. Kenaka bwana anandiitana mu ofesi, natseka chitseko.

"Mayi Magombo, ndili pamphambano," anatero. "Ndikamuchotsa, adzati ndamusala chifukwa cha Chisilamu. Ndikamusiya, enawa adzati ndakondera, ndipo mawa aliyense adzabwera ndi mwambo wake. Loya akuti tikamuitana kokwanira iye osabwera, tikhoza kuumva mlandu iye kulibe. Tikatero tikhala oyera. Inu mudzakhala mboni yoti tinamupatsa mpata."

Ndinapita kokasankhira thonje kukayang'ana pamalo pa Abiti, pamene panali patakhala kale mayi waganyu. Mayi Filomena anandiona, nanena mokweza kuti onse amve, "Mukumulira? Ine amuna anga atamwalira ndinabwerera kuno sabata isanathe. Kapena anga anali galu?" Palibe anaseka. Funsolo linali loona.

M'mawa mwake ndinalowa mu ofesi ndisanaitanidwe, chinthu chimene sindinachitepo. "Bwana," ndinatero, "munthu amene sangatuluke, tikamuitana ngakhale kakhumi, tamupatsa mpata?"

"Sangatuluke kapena safuna? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mayi."

"Nafenso m'mimba mukutipweteka, bwana. Tiyeni tikamumvere komweko."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anaimbira loya, ndipo loyayo anati palibe lamulo loti mlandu umveredwe mu ofesi basi. Bwana anavomera, koma anandiuza maganizo ake poyera. "Akangopepesa, n'kutchula tsiku lapafupi loti abwere, ngakhale Lolemba, ndimupatsa chenjezo chabe, nkhani yatha. Akakana, manja anga ndi omangika."

Galimoto inalibe mafuta, choncho tinakwera kabaza, ine, bwana ndi Mayi Filomena. Bwana anali atavala jekete ndi tayi, ndipo njinga ikagunda muzu ankatambasula miyendo ngati mwana. Mayi Filomena anafuula kumbuyo, "Bwana, mugwireni m'chiuno woyendetsayo! Ameneyo sakusumirani!" Anaseka mpaka oyendetsa njinga.

Kuseka kunatha titafika. Nyumba ya Abiti inali yanjerwa zosaotcha, pakhomo pake atapachika chitenje. Che Yusufu anatilonjera, natulutsira bwana mpando pakhonde, iye nakhala pamphasa. Bwana atangokhala anatulutsa mapepala ake, nayamba kufotokoza chimene tabwerera. Ndinaona Che Yusufu akuyang'ana pansi. Bwana atamaliza, iye anati, "Chemwali anga sangayankhule nanu, bwana, mpaka eda ithe. Koma mayiwa akhoza kulowa. Azitenga mawu anu kulowa nawo, a iwowo kutuluka nawo."

Umu ndi mmene ine, munthu wosayankhula, ndinasandukira pakamwa pa anthu awiri.

M'katimo munali mdima ndi fungo la utsi. Abiti anakhala pamkeka atatsamira khoma, atafunda nsalu yosakongola, wopanda ndolo, milomo itauma. Anali atawonda. Atandiona anamwetulira pang'ono nanong'ona kuti, "Chemwali Chete, lero akutumani inu? Ndiye kuti kampani yasowadi anthu."

Funso loyamba linali lakuti kodi uthenga anaulandira. "Elo, ndinalandira," anatero. Ndinatuluka nalo. Lachiwiri linali lakuti kodi ankadziwa kuti kujomba popanda chilolezo kukhoza kumuchotsetsa ntchito. "Ndinkadziwa." Ndinatuluka nalonso. Bwana analemba, nanditumanso ndi lachitatu: kodi akupepesa, ndipo kodi angabwere Lolemba?

Ndinagwada pafupi ndi mkeka, ndikumufunsa. Anayankhula pang'onopang'ono. "Auzeni kuti ntchito ndikuifuna. Ana angawa tsopano akuyang'ana ine ndekha. Koma Lolemba sindibwera, ngakhale linalo. Ndituluka eda ikatha. Ndipo sindipepesa, poti sindinabe kanthu, sindinatukwane munthu. Che Ali anandisunga bwino. Chatsala choti ndiwachitire ndi chokhachi."

Ndinanong'ona kuti, "Chemwali, mukanena choncho mwadzidulira nokha. Bwanji ndikanene kuti mwapepesa, ndipo muyesetsa? Mawu okhawo akwana."

Anandigwira dzanja. "Inu mwabwera kudzandimva kapena kudzandikonza?"

Kuchokera pamkekapo kukafika pachitenje sipanali patali, koma ndinaganiza zambiri. Kunja palibe akanadziwa. Abiti sakanamva bwino zimene ndikanena, ndipo ngakhale akanamva sakanafuula pamaso pa mwamuna wachilendo. Ndikanangofewetsa pang'ono, bwana akanalemba chenjezo, tonse n'kubwerera okondwa. Ana awiri a Abiti akanakhala ndi chakudya. Koma ndinaonanso Lolemba likubwera, iye osaoneka, ndipo tsopano ali munthu wolonjeza zabodza pamaso pa mboni. Ndinaganizanso za agogo, amene palibe anawafunsa kumene anali. Uyu tinali titamufunsa. Ndikanasintha yankho lake, kufunsako kukanakhala mpando uja wa ku Balaka.

Ndinakankha chitenje, ndinaima pakhomo, ndipo ndinanena zonse mmene anazinenera, osachotsa kapena kuwonjezera, mpaka mawu oti sapepesa. Bwana anasiya kulemba. Che Yusufu anatseka maso.

Kenaka Abiti anandiitana ndi kachifuwa. Ndinalowanso. "Nanenso ndili ndi funso," anatero. "Kapena pa mlandu wa masiku ano wofunsa ndi mmodzi?" Ndinamuuza kuti afunse. Ndinatuluka nalo funsolo likundilemera kuposa oyamba aja.

"Bwana, akuti ndikufunseni. Akuti chimwalirireni amuna awo, kuchokera ku ofesi kwabwera mesenjala yekhayekha ndi uthenga wa mlandu. Lero mwabwera inu ndi mapepala. Akuti kodi wodzapepesa maliro akubwera m'mbuyo?"

Kwathu kuno munthu sulowa pakhomo pamene pagwa maliro n'kuyamba nkhani ina usananene pepani, ngakhale utabwera kudzatenga moto. Bwana ankadziwa zimenezo monga Mmalawi aliyense. Mantha a khoti ndiwo anamuiwalitsa. Ndinamuona akupinda mapepala aja, kuwalowetsa m'thumba la jekete. Anatsika pampando, nakhala pamphasa pafupi ndi Che Yusufu, tayi ikulendewera pafumbi. "Achimwene, pepani ndi zovuta zimene zakugwerani," anatero. "Ndayamba ndi kumiyendo. Auzeni mayiwo kuti pepani kwambiri." Che Yusufu anawomba m'manja pang'ono nati, "Sikomo, bwana. Talandira."

Patapita kanthawi bwana anafunsa ngati woimira antchito ali ndi mawu. Mayi Filomena anakonza mpango wake. "Ndili nawo. Ine ndinabwera kuno ndi njiru, ndisaname. Amuna anga atapita ndinathamangira kuntchito chifukwa cha mantha, misozi ndikupukutira thonje lanu lomwelo. Ndimati nayenso alawe. Koma mukamuchotsa uyu, masiku anga aja sabwerera. Changa n'chimodzi: mukamudikira uyu, mudzatidikire tonse, wa kumzikiti ndi wa kutchalitchi." Kenaka anatembenukira kuchitenje nakweza mawu, "Wamva, iwe wamakani? Usati ndakukonda ayi!" M'katimo munamveka kaphwete kakang'ono, koyamba mwina chichitikireni maliro.

Bwana sanagamule pomwepo. Pobwerera anakana kabaza, tinayenda pansi. Titatalikira anandiuza kuti, "Mukanangofewetsa pang'ono, Mayi Magombo. Mwandisiya pamoto."

"Lolemba likanafika ndithu, bwana," ndinatero. Sanandithokozepo, tsiku limenelo kapena lina.

Anakangana ndi akulikulu pa foni kwa masabata angapo. Ndinkamva mawu ake kudzera pakhoma. Iwo ankati akutsegula khomo limene sadzatha kulitseka. Iye ankati mayiyo wamveredwa, chifukwa chake ndi chachipembedzo ndiponso chili ndi tsiku lothera, nanga kukhoti akanene kuti anamuchotsera chiyani? Pomaliza anagwirizana kuti Abiti akhale pa tchuthi chosalipidwa, malo ake asungidwe, ndipo wantchito aliyense woferedwa mkazi kapena mwamuna akhoza kupempha chimodzimodzi. Sizinali zokoma zokhazokha. Miyezi imeneyo Abiti anagulitsa mbuzi zake zonse. Mayi waganyu uja, amene anali atayamba kuyembekezera, anabwerera kwawo akudandaula. Mayi Filomena ankati, "Chifundo chabwera maliro anga atawola." Akulikulu anamutcha bwana wofewa, ndipo sanakhalitse pa kampanipo.

Abiti anabwerera nthawi ya nandolo. Analowa pageti atavala ndolo zake, naima pawindo la ofesi yanga. "Chemwali," anatero, "tsiku lija munawononga penshoni yonse ya mawu. Mudzadya chiyani?"

Balaka, nditapuma ntchito

Ndiye Pilirani mwana wanga, njira yochotsera munthu popanda kuopa leba ine sindinaipeze. Malamulo akuchulukadi, ndipo wolemba anthu ntchito ayenera kuwadziwa: ukhale ndi chifukwa chenicheni, umuuze munthuyo mlandu wake, umupatse mpata ali ndi mnzake, usamusale. Zimenezo akakuuza bwino ku ofesi ya leba kuposa ine. Koma ndinaona anthu akutsata zonsezo kuti adziyeretse, munthu n'kuchoka osamvedwa. Sunandiuze kuti wantchito wakoyo wajomba chifukwa chiyani. Ndikukayikira ngati ukudziwa. Yamba wapita kumene ali.

Chotsala ndi chimene inu munachiona koma simunachimvetse. Bambo anu atamwalira, ine nditapuma kale ntchito, mukukumbukira mayi wachisilamu amene anafika tsiku lachiwiri, nakhala pafupi nane m'chipinda mpaka anthu anabalalika. Ameneyo ndiye Abiti Saidi. Anachoka ku Ngokwe osaitanidwa. Ine mawu anali atandithera, ndipo anthu akabwera kudzapepesa iye ndiye ankapita pakhomo kukanena kuti, "Akuti amva, zikomo."

Maliro ataikidwa, msuweni wa bambo anu anaima panja natumiza mawu oti akufuna kutenga zipangizo za ukalipentala tsiku lomwelo, lole imene inabweretsa achibale isanabwerere. Abiti anagwada pafupi nane nandiuza. Ndinanong'ona kuti zipangizozo ndi za ana a malemu, sizichoka pakhomo pano, ndipo munthu wofunsa macheka manda asanaume achite manyazi.

Abiti anandiyang'ana, diso likuseka. "Ndifewetse, chemwali?"

"Iyayi," ndinatero.

Anaimirira, nakonza mpango wake, natuluka nawo mawu onsewo.